Ndalama ya Njovu Imene Ndinaiboola

Nyumba yathu ya ku Mbedza inali ndi mabeseni asanu ndi awiri, ndipo lililonse linkadziwa malo ake. Mitambo ikangoyamba kutsetsereka m'phiri, ine ndinkayamba kuyala: lalikulu pabalaza, lachitsulo kumiyendo kwa bedi, long'aluka m'mbali lija pansi pa dontho laulesi limene silinkadzaza ngakhale kapu. Malata athu anali a chaka cha ukwati wathu. Dzimbiri linawadya mpaka masana dzuwa linkagwera pansi timadonthomadontho ngati mpunga womwazika.

Ndiye abambo akunyumba atapuma ntchito yawo yolondera mitengo ya paini kumtunda kwa phiri kuja, n'kulandira ndalama zopumira, ine ndinali nditapita kale kusitolo kawiri kukagogoda malata atsopano ndi chala, kungofuna kumva kulira kwake. Koma abambowa ali ndi matenda amene ndinawapeza nawo, matenda a ndalama zakale. Ali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza matiki, masheleni ndi makobiri aja obooka pakati a nthawi ya atsamunda. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi amaziyala patebulo ngati munthu woombeza ula, kuzitembenuza, kuziyang'ana padzuwa. Mwa zonsezo palibe imene ingagule machesi.

Mkamwini wathu amagwira ntchito kumigodi ku Joni, ndipo ndiye amene anawasokosera m'khutu pafoni. Ati kwacha ikusungunuka ngati shuga m'tiyi. Ati kuli chitsulo china chotchedwa pulatinamu, chosowa kuposa golide, ndipo kumeneko amasula nacho ndalama zosagulira zinthu, zongosunga basi. Ati chaka china anasula zochepa, moti anthu osonkhanitsa ndalama amazilimbirana. Mukagula imodzi n'kuisunga mvula ziwiri, mudzafolera nyumba yonse, khitchini, ndi kuonjezapo khonde.

Ndinafunsa kuti ndalama yosagula kanthu ndi ndalama yanji. Abambo anati akazi amaona za lero, amuna amaona za mawa. Ndinawauza kuti mawa lawolo likadzafika adzandipeza ndikuyandama m'beseni. Anatumizabe ndalamazo, zonse.

Mwana wathu wamkazi anabwera nayo pa Khirisimasi. Ine ndinkayembekeza chinthu chofiirira ngati dzira lokazinga. Chimene chinatuluka m'chikwama chinali chotuwa ngati supuni, chachikulu pang'ono kuposa chitsekero cha botolo, mbali imodzi chili ndi njovu. Kulemera kokha ndiko ndinavomereza. Kanthu kakang'ono koma kukoka dzanja ngati mwala wa mphero. Inali yotsekeredwa m'kabokosi kapulasitiki kozungulira, koonekera mkati. Lamulo lake linali loti isakhudzidwe ndi chala, isapumiridwe mpweya, isaone chinyezi. Ine ndalera ana asanu ndi mmodzi, ndipo palibe amene tinamusamala chotero.

Kuyambira pamenepo abambo anasowa mtendere. Mlungu uliwonse ankaisinthira malo kuti akuba asokonezeke, koma wosokonezeka ankakhala iwo. Anaibisa m'nsapato yawo ya kutchalitchi n'kutsimphina nayo mpaka pamsewu. Anaibisa m'thumba la chimanga, ine osadziwa n'kusenza thumbalo kupita nalo kuchigayo. Mwayi wake ndinayamba ndapeta, njovu n'kutulukira m'lichero. Ulendo wina anaiwaliratu. Masiku atatu tinagwedeza nyumba yonse, iwo akulumbira kuti ndi aneba, mpaka ndinaipeza pansi pa nkhuku yofungatira mazira. Nkhukuyo inandijompha, ndipo ndinaona kuti pa tonse atatufe ndiyo inkasunga bwino.

Kenako kunagwa maliro a amalume awo kuseri kwa phiri la Mulanje, mbali ya ku Mozambiki. Anaopa kuwoloka nayo malire. Atavala chipewa, anandiitanira kuchipinda n'kundiika kabokosiko m'manja.

“Amayi, denga lathu ndi limeneli. Isungeni monga mudziwira.”

“Monga ndidziwira ine?”

“Monga mudziwira inuyo.”

Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ine ndinawasunga.

Ntchito yanga ndi yopikula kachewere ndi zipatso za m'phiri kumtunda n'kukagulitsa kumsika. Ndimachoka kukacha, kubwera dzuwa litapendeka, nyumba n'kukhala yokha. Kuisiya sikukadatheka. Tsiku loyamba ndinaimanga pamfundo ya chitenje monga timangira ndalama zonse. Koma pulasitiki ndi woterera. Loweruka ndikuchapa kumtsinje wa Likangala, nditawerama, ndinangomva kuti kwe pamwala, kuyang'ana, denga lathu likugubuduka kulunjika kumadzi. Ndinaliponda ndi phazi litatsala chala chimodzi. Ndinakhala pamwalapo, zovala zikupita ndi madzi, anzanga akuzithamangira.

Pamwala pomwepo ndinakumbukira malemu amayi anga. Iwo makobiri obooka aja ankawatunga pachingwe n'kumanga m'chiuno pamodzi ndi mikanda. Ankayenda nawo pansi mpaka kumsika wa kutali, kudutsa m'mitsinje, kugona m'njira, osataya ngakhale limodzi. Ndinaona kuti osula akale anali ndi nzeru, ankadziwa kuti ndalama imafuna pomangira. Awa a ku Joni, ndi kuphunzira kwawo konse, anaiwala bowo.

Lolemba ndinatsegula kabokosi kaja ndi nsonga ya mpeni, n'kupita kwa mmisiri wokhoma ndowa kuseri kwa msika. Anaika ndalamayo pathabwa, kuimika msomali, kumenya. Msomali unapindika. Anatenga wina, nawonso unagwada. Pandalamapo panangotsala timaenje tiwiri. Anandibwezera akupukusa mutu, nati chitsulo chimenechi si cha kuno, ndipite kwa owotcherera mawindo ku Chikamveka, kumene ali ndi makina oboolera.

Wowotchererayo anali bambo wa imvi, wa magalasi akuda pamphumi. Anaiponya m'mwamba n'kuiwakha, kenako anafunsa kuti aboole pati. Ine sukulu sindinapondeko, koma nyama ndimaidziwa. Ndinamuuza kuti njovuyo asaikhudze, ngakhale khutu, chifukwa mwini wake amaikonda. M'mphepete munali tizilembo tandondomeko ngati nyerere zopita kuuna. Ndinaloza pamenepo, kuti aboole pa nyererezo, pamene palibe chithunzi chilichonse.

Makina analira nthawi yaitali. Pabowopo pankatuluka tizitsulo topotana ngati tsitsi la mwana. Tsono ine ndi munthu amene kuchigayo ndimagogoda ndi pakamwa pa makina pomwe kuti ufa wanga usatsale. Ndinayala mpango pansi pake, kenako kusesa thabwa lonse ndi nthenga ya nkhuku, n'kuthira zonsezo m'kabokosi kaja. Bamboyo anafunsa ngati ndikukaphika phala lake. Ndinamuyankha kuti kwathu sititaya madeya.

Popeza manja ake anali a girisi, ndinadzera kumtsinje n'kuikwecha ndi mchenga ndi ndimu, monga ndichitira ndi mapoto. Inawala kuposa tsiku limene inabwera. Ndinaitunga pakati pa mikanda yanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayenda mtima uli m'malo.

Abambo atabwera kumaliro, asanamwe ndi madzi omwe, anafunsa. Ndinawauza kuti ili pathupi panga, pamalo pamene wakuba aliyense sangafike popanda mlandu waukulu. Anapuma mpweya wautali, nati zili bwino, ikhale komweko, iwo atopa kukangana ndi nkhuku. M'maganizo mwawo inali m'kabokosi kake, m'kathumba. Sanafunsenso, ine sindinaonjezere. Mvula imeneyo inatha, inzake inabwera, mabeseni anafika asanu ndi anayi.

Chilimwe chotsatira mkamwini anaimba kuti mtengo wakwera, tigulitse. Anthu amene amagulitsa miyala yonyezimira kwa alendo kumtunda anatilumikiza ndi bwana wina wa ku Limbe, amene amabwera kudzagula miyala ndi ndalama zakale. Tinapangana kukumana pafupi ndi damu la kumtundako. Abambo anavala jekete ndi tayi dzuwa likuswa mtengo, nandikumbutsa katatu kuti ndisalankhule pa nkhani za amuna.

Bwanayo anayala nsalu yakuda pamwamba pa galimoto yake. Anaikapo kasikelo kakang'ono ndi galasi loonera tinthu ting'onoting'ono, n'kuvala magolovesi oyera ngati akukathandiza wobereka. Abambo anayamba ulaliki wawo: kuti ndalamayi sinakhudzidwepo ndi chala cha munthu chichokere kosulidwa, kuti ndi ya chaka chosowa chija, kuti iwo za ndalama anaziyamba bwanayo asanabadwe. Ogulitsa miyala anasiya malonda awo n'kutizungulira. Pomaliza anatembenukira kwa ine nati nditulutse.

Ndinapempha kuti andidikire pang'ono, n'kulowa kuseri kwa mtengo wa paini. Kumasula mikanda ya zaka zambiri si ntchito yofulumira. Ndinabwera ndalamayo ikulendewera pachingwe, ili yofunda ngati mbatata yochokera m'phulusa, n'kuiika pansalupo ndi manja awiri.

Abambo anavula chipewa monga amachitira bokosi la maliro likamadutsa. Bwana uja anainyamula, anaitembenuza, anaiyang'ana pagalasi lake, kenako anaikweza n'kundisuzumira ine kudzera pabowopo. Anafunsa mwaulemu kuti ntchitoyi anagwira ndani. Ndinati mmisiri wa ku Chikamveka, koma malo ndinasankha ndine, ndipo aone yekha kuti njovu ili yonse.

Bwanayo anafotokoza pang'onopang'ono, ngati adokotala. Pandalama yotere, ati, anthu amagula zinthu zitatu. Amagula chitsulo chake. Amagula nkhope yake yosakandika, ndiye iyi yadutsa mumchenga. Amagulanso chaka.

“Chakacho chili pati?” ndinafunsa.

“Chinali apa, agogo. Pamene padutsa chingwepa.”

Nyerere zija zinali chaka. Mmodzi mwa ogulitsa miyala anatsokomola n'kutembenukira kunkhalango, mapewa akugwedezeka.

Bwanayo anati chimene angagule tsopano ndi chitsulo chokha, pa kulemera kwake, monga agulira mkuwa wa mawaya. Anachotsa chingwe n'kuiika pasikelo. Anapukusa mutu: inali yoperewera, ndipo ndalama yoperewera sikelo iye amaidula mtengo kwambiri chifukwa sangakaigulitse ngati yathunthu. Abambo anafuna pokhala, n'kukhala pamiyala ya malonda ya eni ake. Ndinaona khonde likupita, khitchini ikupita, chipinda chogona chikuyamba kunyowa.

Ndipamene ndinamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kabokosi kaja. Ndinatsegula, n'kukhuthulira tizitsulo tonse pambali pa njovu, ndikugogoda ndi chala kuti pasatsale kanthu. Bwanayo anawerama kuyang'ana sikelo yake. Anachotsa zonse, anapukuta, anayezanso. Kenako anavula magolovesi n'kuseka mpaka kutsamira galimoto. Anati zaka zonse wakhala pa malondawa, sanagulepo ndalama pamodzi ndi madeya ake. Analipira mtengo wa chitsulo chathunthu.

Potsika tinayenda pansi, chifukwa abambo anati akufuna mphepo. Tinadutsa makhotolo atatu a msewu, anyani akutiyang'ana ali pamiyala. Ine ndinali nditakonzeratu mawu awo aja oti ndiisunge monga ndidziwira, kuti akangoyamba ndiwabwezere. Koma sanayambire kumeneko.

“Ndiye kuti chaka chonsechi ndi miyezi yake, inali pamenepo? Yopanda kabokosi?”

“Inali pamenepo.”

“Osandiuza?”

“Anthu ena akadakhala kuti amayenderako mbali imeneyo monga kale, akadaiona okha mlungu woyamba.”

Anavala chipewa n'kufulumiza mwendo, ine ndikuwatsatira pambuyo ndi mikanda yanga m'manja.

Pulatinamu anakweradi mtengo, zimenezo mkamwini sananame, ndipo malata amene tikadagula chaka chija anali atakweranso kuposa pamenepo. Ndalama tinapezazo zinafolera zipinda zogona ndi khitchini. Khonde silinabwere. Pabalaza panatsala malata atatu akale, ndipo pali dontho limodzi, pafupi ndi mpando umene abambo amamverapo wailesi. Mabeseni enawo ndinagawira ana ndi aneba, ndinasiya lalikulu lokha. Mvula ikayamba, abambo amangoloza kudenga ndi mlomo, ine n'kubweretsa beseni. Alendo akafunsa chifukwa chake tinasiya pamenepo, amati limenelo ndi bowo la amayi, linangosamuka.

Kabokosi kapulasitiki kaja amasungiramo mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi, amene anayamba kumwa mwezi womwewo. Chitini cha mabisiketi anachigulira loko, kiyi amayenda nayo m'khosi, pachingwe, chifukwa kiyi ili ndi bowo ndipo sisowa. Ndipo chiyambire ulendo wa kudamu uja, mikanda yanga amaiyendera kawirikawiri. Ati akungofuna kutsimikiza kuti sindinaboolenso china.