Ndime ya Msodzi Womira

Inu amene mumazimitsa wailesi dzina la m'bale wanu likamatamandidwa, khalani pansi, nkhaniyi ndi yanu.

Eilif anali woimba wamkulu wa gulu lina kumadzulo kwa Norway, loimba nyimbo zija za magitala olira ngati bingu osakaniza ndi zeze wa makolo. Ankatenga ndakatulo zakalekale, zimene ana amaloweza kusukulu, n'kuzipekera nyimbo. Akatsegula pakamwa, mawindo ankanjenjemera.

Kenako pakhosi panatuluka chotupa. Madokotala anachichotsa, moyo unapulumuka, koma mawu anatsala konko kuchipatala. Anabwerako ndi mawu osasa, okhakhala, oti ngakhale galu sangamve akuitanidwa.

Gulu silinadikire. Pamalo pake linaika mlongo wake wamng'ono, Solfrid, yemwe iye mwini anamuphunzitsa kugwira gitala. Mwana uja anaimba bwino, ndipo vuto linali pomwepo. Akanalephera, Eilif akanamutonthoza ndi mtima wonse.

Iye anapeza ntchito pasitima yowolotsa magalimoto, kukazinga svele, zitumbuwa zija apaulendo amamwera khofi. Wailesi ya m'kantini ikangoyamba nyimbo ya Solfrid, dzanja linkafika lokha n'kuizimitsa.

"Iwe Eilif, wailesiyo yakulakwira chiyani?" anafunsa mayi Magnhild, amene ankagwira nawo ntchito. "Nsanje yakoyo ikupsereza zitumbuwa."

"Nyimboyo ndi yanga, mayi."

"Nanga mlongoyo ndi wa yani?"

Eilif anangotembenuza chitumbuwa. Koma kupeka sanasiye. Injini ya sitima inkagunda pansi pa mapazi ake, iye n'kumayala mizere ya ndakatulo pa kugundako, akuimba mluzu. Nyimbo zinadzaza kope, ndipo kopelo ankalibisa pansi pa matumba a ufa.

Tsiku lina Solfrid anakwera sitimayo. Asanafike n'komwe pakantini, khamu la okonda nyimbo zake, atsitsi lalitali, linamuzungulira. Mmodzi anapatsa Eilif foni.

"Bambo wa zitumbuwa, tatijambulaniko ndi woimbayu."

Anajambula, mtima ukuwira. Atachoka aja, Solfrid anayandikira.

"Achimwene, nyimbo zatithera. Tipatseniko imodzi yokha."

Apa ndiye Eilif anachita zochititsa manyazi, ndipo ine sindimuikira kumbuyo. Anasankha ndakatulo ya mkazi wamasiye amene akuitana kugombe, mwamuna wake msodzi n'kumamuyankha ali pansi pa nyanja. Ndime ya msodziyo anaitsitsa dala pansi penipeni, pomwe mawu ake akale okha ndi amene ankafika. Ankafuna mlongo wake alephere, gulu lonse lidziwe kuti linataya munthu.

Patatha masabata awiri Solfrid anabwerera.

"Ndime ya mkazi ndaimba. Ya mwamunayo mwachitira dala, achimwene."

"Ngati yakukanika, ingonena."

"Yandikanika. Mwasangalala?"

Eilif anadikira chimwemwe chija, koma sichinabwere. Anangoona mlongo wake ataima pamenepo, maso ali ofiira.

"Koma tamvani," anapitiriza Solfrid. "Munthu womira saimba mokoma. Amalankhula ngati inu. Bwerani mudzainene nokha ndimeyo."

"Ukundinyoza?"

"Mukanakhala mukumvetsera wailesi, mukanadziwa kuti dzina lanu ndimalitchula nthawi zonse."

Mawu amenewo anamulasa. Msampha anatchera yekha, ndipo unamugwira mwini wake.

Anayamba kuyeserera. Nthawi yopuma ankatsikira pakati pa magalimoto, chipale chofewa chikumumenya kumaso, n'kumanena ndime ija mogwirizana ndi injini. Tsiku loyamba mzere umodzi unathera m'chifuwa. Dokotala anamulangiza kumwa madzi ofunda ndi kusakakamiza khosi. Mwezi woyamba anakwanitsa mizere iwiri. Kawiri konse analumbira kuti basi zatha, ndipo kawiri konse mayi Magnhild anamulanda chotembenuzira zitumbuwa.

"Tsika ukamire, msodzi iwe. Kuno ndikwanitsa ndekha."

Nyengo yozizira yonse inatha choncho. Chipale chitasungunuka, mizere khumi ndi iwiri inali kutuluka osapumira pakati.

Chikondwerero cha nyimbo chimene gulu linkakonzekera chinachitika masana, padambo la m'munsi mwa phiri, anthu zikwizikwi atavala zakuda. Solfrid anaimba ndime ya wamasiye, magitala akubangula. Kenako zonse zinati zii, kungotsala ng'oma ikugunda ngati injini ya sitima. Eilif anafika kutsogolo n'kuyankha ndi mawu ake osasa aja.

Palibe anatsokomola. Zibambo zandevu mpaka pachifuwa zinali kupukuta misozi ndi malaya. Ambiri mwa iwo anali ndi wachibale amene nyanja inamutenga, ndipo tsiku limenelo anamumva akulankhula.

Ndisakunamizeni kuti nsanje inafera pomwepo. Khamu litayamba kufuula, dzina la Solfrid ndi limene linamveka kwambiri, ndipo Eilif anamva kachisoni kakumubaya. Koma ulendo uno anagwira dzanja la mlongo wake n'kulikweza m'mwamba. Atatsika, anatulutsa kope lija, likadali ndi ufa m'masamba, n'kumupatsa lonse.

Lolemba anabwerera kukantini. Nyimbo ya Solfrid itayamba pawailesi, dzanja linafika ngati kale. Mayi Magnhild anamuyang'ana cham'mbali. Eilif anakweza mawu a wailesiyo mpaka makapu anayamba kunjenjemera.

Inu amene mwataya chimene munkadzitama nacho, chotsalacho musachinyoze, mwina pali ndime imene ikudikira mawu anu osasawo. Ndipo amene wakhala pampando wanu si mdani wanu. Nsanje inatsala pang'ono kumulanda Eilif mlongo ndi nyimbo yomwe. Tulutsani kope lanu pansi pa ufa, ndipo musataye mtima.