Nsinjiro Sakazinga

Amayi atamwalira, bambo anatsala okha m'nyumba ya ku Ingezi, ndipo anasiya kudya. Osati kusiyiratu, ayi, koma tiyi ndi buledi m'mawa, tiyi ndi buledi madzulo, basi. Munthu amene ananyamula mabelo a thonje moyo wake wonse anayamba kuboola lamba mabowo atsopano.

Ine ndimakhala ku Chegutu, ndiye ndinkawayendera Loweruka lililonse. Tsiku lina ndinawaperekeza kuchipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Namwino anati mankhwala asamadumphitse, komanso azidya mtedza, nthangala za mpendadzuwa ndi masamba. Anati m'menemo muli vitamini E, amene amathandiza kuteteza mtima ndi mitsempha kuti zisafooke msanga. Ine ndi phuma langali ndinathamangira kukagula botolo la makapisozi. Bambo analiyang'ana n'kuliika pawindo, ati iwo sameza mikanda. Chimene ankafuna chinali chimodzi: nkhwani wotendera.

Sabata yotsatira ndinabwera ndi dovi, chiponde chija anansi athu Achishona amathira m'ndiwo. Analawa kamodzi, nakankha mbale. Ndinapsa mtima zedi. Ndinawakalipira kuti mtedza ndi mtedza basi, asamandivutitse ngati kamwana. Anangobwerera ku tiyi wawo. M'kombi, minibasi ya kuno, pobwerera ndinalira, chifukwa kunena zoona ndinkachita mantha. Ana anga ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chishona. Wondiyankha m'chilankhulo changa anatsala mmodzi yekha, mdala wamakani ameneyu, ndipo ankatha ndikuona.

Loweruka linalo ndinatulutsa mtondo wa amayi kuseri kwa chitseko. Ndinakazinga mtedza monga ndinkaonera kwa anansi, n'kuyamba kusinja. Kalanga ine, linatuluka phala lamafuta lokangamira kumunsi. Bambo anaseka, koyamba chichokereni kumaliro.

"Kodi iwe ndiwe mwana wa yani? Nsinjiro sakazinga. Amako ankangoyanika padzuwa."

Anakokera mpando pakhomo n'kumandilangiza: sinja pang'ono, sefa, zotsala bwezera mumtondo. Tsiku limenelo anadya mpaka kukombeza mbale ndi chala, uku akundinena kuti mchere ndachulutsa.

Tinatero Loweruka lililonse kupitirira chaka. Thupi linabwerera, lamba anabwerera pabowo lake lakale, ndipo nkhani ya mchere sinathe, ngakhale ndichepetse bwanji. Sindinganame kuti nsinjiro zinawachiritsa. Sitiroko inabwerabe n'kuwatenga, m'nyengo yozizira, ine ndili kuntchito.

Mtondo uja ndinabwera nawo ku Chegutu, ndipo Loweruka ndimasinjabe. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anasuzumira kukhitchini, nandifunsa m'Chishona kuti bwanji sindingogula dovi kusitolo. Ndinamuuza kuti nsinjiro sakazinga. Anangogwedeza mutu, nabwerera pafoni yake.

Mu nkhwani wa tsiku limenelo ndinathira mchere wambiri mwadala. Tonse tinadya, mbale zinatha, ndipo panalibe wondinena.