Kabudula amene unamusokera Saidi

Twaibu mchimwene wanga, lero mu minibasi ya ku Liwonde bambo wina wanena mokweza kuti amuna okondana ndi amuna anzawo ngofunika kungowapha, anthu n'kuseka. Ine ndangotsikira panjira.

Ndakumbukira tsiku lija pakhonde lako pa Nselema, ukusoka kabudula wa Saidi, wodwala misala uja. Azibambo osewera bawo pansi pa mtengo ankamupatsa ndudu kuti azidzakutukwana kuti ndiwe wamathanyula, iwo n'kumafa nalo phwete. Ndinati, "M'thamangitse, ine ndikuopa." Iwe unati, "Iyayi achemwali, munthuyu akudwala. Mawuwa si ake." Unamuveka kabudulayo, n'kumugulira tiyi. Chaka chisanathe Saidi anakubaya ndi sizasi yako yomwe, akukuwa mawu omwe aja anamuphunzitsa. Pamaliro aliyense ankangoti, "Ndi misala basi." Saidi anamutengera kuchipatala, koma a bawo aja akadali pansi pa mtengo womwe uja, ndipo amandipatsa moni ndikamadutsa. Ndimayankha moniwo, Twaibu, chifukwa sabata yatha ndinawaona akupatsa ndudu wodwala wina.