Kompyuta ya a Tembo siiwala zomwe mwafufuta

Lachiwiri lapitali, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, magetsi anazima pa boma la Mzimba. Imeneyo si nkhani. Nkhani ndi zomwe zinachitika jenereta italira.

Ndinali m'kashopu ka a Tembo, kuseri kwa msika, komwe anthu amachititsa fotokope, kusindikiza makalata ndi kubwereka kompyuta. Muli makompyuta atatu, pulinta imodzi ndi benchi la odikira. Ine ndinali pa benchipo ndi mapepala anga awiri. Pa kompyuta ya pakati panali mayi wina, mphunzitsi wochokera ku Dedza yemwe akugwira ntchito pa sukulu ina kupitirira Champhira. Muno ndiwatcha Anachisale, ngakhale si mfunda wawo.

Anachisale anadzalemba kalata yopempha kuti awasamutsire kwawo. Pa Jenda, kufupi ndi sukulu yawo, makompyuta alipo, koma iwo anaona kuti pamenepo aliyense amawadziwa, choncho anakwera minibasi m'mamawa mpaka pa boma. Kalata ya mtundu umenewu imayamba yadutsa m'manja mwa ahedi kuti asayine, isanapite ku maofesi a pamwamba. Ahedi akaikana, kapena akaiika pansi pa mulu wa mapepala, munthu umakalambira pomwepo.

Mayiwo anali atalemba pafupifupi ola lathunthu, ndi zala ziwiri, kulemba n'kufufuta, kulembanso n'kufufutanso. Kenako sikirini inangoti bii. Anali asanasunge ngakhale mzere umodzi.

A Tembo sanatekeseke. "Mungadandawulanga yayi, amama," anatero m'Chitumbuka powauza kuti asadandaule, kenako n'kutembenukira ku Chichewa. "Pano sititaya kanthu. Ndili ndi mboni."

Anakaliza jenereta, anayatsa kompyuta, n'kudina mabatani atatu nthawi imodzi. Panatseguka tsamba lomwe sindinalionepo pa kompyuta imeneyo. Pamenepo panali chilichonse chomwe chinalembedwa pa kiyibodiyo kuyambira m'mawa.

Anatifotokozera monyadira. Chaka chatha makasitomala ankawakalipira magetsi akazima, ngati kuti amazimitsa ndi iwo. Ndiye munthu wina wokonza makompyuta wa ku Mzuzu anawaikira kapulogalamu aka. Sikaoneka pa sikirini. Kamadzuka limodzi ndi kompyuta, n'kukhala kuseri, kumalemba batani lililonse lomwe munthu wadina komanso paliponse pomwe wakhudza ndi mausi. A Tembo anakatcha mboni, ndipo anati kapulumutsa makalata ambiri chomene.

Pofuna kuthandiza, anayamba kuwerenga mokweza, chala chili pa sikirini, kuti mayiwo alembenso mwachangu. Kalatayo inali ya m'Chingerezi, ndikungokupatsani tanthauzo lake. Moni anadutsa bwino. Mutu wa kalata unadutsa bwino. Kenako a Tembo anawerenga kuti wolembayo akupempha kusamuka chifukwa ahedi amatuma ana a sitandade 7 kukasoka fodya kwawo nthawi ya masamu, ndipo kuti iye atafunsa za zimenezi anamuchotsa m'nyumba ya pasukulu.

Chala chija chinaima.

"Zimenezo ndinafufuta," anatero Anachisale chapansipansi.

Anafufutadi. M'malo mwake analembamo zoti akufuna kukhala pafupi ndi mayi awo omwe akudwaladwala, zomwenso n'zoona. Koma mboni inasunga zonse ziwiri, pamodzi ndi chizindikiro cha paliponse pomwe anadina batani lofufutira.

A Tembo anakweza maso n'kuyang'ana dzina la sukulu pamwamba pa kalatayo. Anakanda m'mutu.

"Ahedi amenewa ndi alamu anga," anatero. "Anakwatira mlongo wanga."

Bambo wina yemwe ndinakhala naye pa benchi anayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli mayeso.

Tiyeni tiimire kaye pamenepa, ndikuuzeni momwe chinthuchi chimagwirira ntchito, chifukwa palibe ufiti. Mukadina batani, kompyuta imatenga chilembocho n'kuchipereka ku pulogalamu yomwe mukugwiritsa ntchito nthawi imeneyo, kaya ndi yolembera makalata kapena ya imelo. Koma pulogalamu ina, yomwe simukuiona, ikhoza kupempha kompyuta kuti izimvako nawo mabatani onse, ngakhale omwe sakupita kwa iyo. Kompyuta zambiri zimalola. Pali zifukwa zabwino zololera. Umo ndi momwe mapulogalamu othandiza anthu osaona amadziwira chomwe munthu wadina kuti amuwerengere. Umonso ndi momwe batani limodzi limakwezera kapena kutsitsa mawu a nyimbo inu muli pa ntchito ina.

Vuto ndi lakuti khutu limeneli silisankha. Silidziwa kuti uwu ndi mzere wa kalata, awa ndi mawu achinsinsi otsegulira imelo. Mukamalemba mawu achinsinsi, pa sikirini pamaoneka timadontho. Timadonthoto timabisira maso a munthu woima kumbuyo kwanu basi. Kapulogalamu kamamva batani lenilenilo.

Ndinapempha a Tembo kuti abwerere m'mbuyo pang'ono, n'kutseka ndi dzanja mbali ina ya sikirini kuti ndisaone za eni ake. Anga ndinawapeza. Mawu achinsinsi a imelo yanga, omwe ndinalemba pa kompyuta yomweyo sabata yapitayo, anali pomwepo, chilembo ndi chilembo. Ndinawasintha masana omwewo.

Kodi a Tembo ndi wakuba? Ayi. Ndawadziwa zaka zambiri. Munthu akaiwala chiphaso mu fotokope, amamutsatira nacho mpaka kudepoti. Iwo anaona anthu akulira ndi makalata otayika, n'kufuna mankhwala. Cholakwa chawo ndi chimodzi: sanauze munthu aliyense.

Ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza tonse, chifukwa khalidwe limeneli tili nalo. Timakonda kuchitira munthu zabwino osamufunsa. Mlendo timamuthirira shuga masipuni atatu tisanamve ngati ali ndi matenda a shuga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma masiku ano wosafunsayo ndi wina, wodya phula ndi wina.

Kale, munthu wosadziwa kulemba ankapita kwa mlembi wokhala pansi pa mtengo pafupi ndi positi. Mlembiyo ankadziwa zinsinsi za theka la boma, koma iwe unkadziwa kuti ukumuuza. Unkamuyang'ana nkhope, n'kusankha zonena ndi zomeza. Ukati "ayi, zimenezo musalembe," pepala ankaling'amba iwe ukuona. Kodi kiyibodi mungaiyang'ane nkhope?

Ndiye ganizirani makompyuta omwe mwakhalapo chaka chino. Ya ku ofesi, yomwe bwana angaikemo kapulogalamu kotere kuti aone ngati mukugwiradi ntchito. Ya pasukulu, yomwe aphunzitsi onse amalembera mayeso. Ya mnzanu. Laputopu ya kunyumba, yomwe amuna anu anapita nayo kokonzetsa n'kubwera nayo ikuthamanga bwino kuposa kale. Sindikunena kuti zonsezi zili ndi mboni. Ndikungoti simungadziwe pongoyang'ana.

Ndipo chomwe chimandiwawa kwambiri si mawu achinsinsi, chifukwa amenewo amasinthika. Ndi zofufutazo. Munthu aliyense wanzeru ali ndi makalata awiri: ya mkwiyo, yomwe amalemba kuti mtima utsike, ndi ya ulemu, yomwe amatumiza. Batani lofufutira ndi lomwe lasunga maukwati, ntchito ndi maubale ambiri m'dziko muno. Wina akatilanda limenelo, watilanda mwayi wosintha maganizo.

Malangizo anga ndi ochepa. Pa kompyuta yomwe si yanu, musalembe chomwe simungakonde kuti chiwerengedwe mokweza pa benchi. Ngati mwatsegulapo imelo, kasintheni mawu achinsinsi pa foni yanu. Ndipo funsani mwini wake mosapita m'mbali ngati kompyutayo imasunga zolembedwa. Eni mashopu nanu, mapulogalamu olembera makalata ali kale ndi njira yosungira ntchito okha pakapita mphindi zingapo. Imeneyo imasunga kalata, osati munthu.

Tibwerere m'shopu muja. A Tembo anafufuta zonse za tsikulo, Anachisale akuona. Kenako anaika dzanja pachifuwa.

"Ine sindinaone kanthu, amama."

"Munaona, bambo," anayankha mayiwo. "Chomwe ndikupempha n'chakuti chikathere mwa inu."

Anakhalanso pansi n'kulemba kalata ya mayi odwala ija, ulendo uno osafufuta ngakhale chilembo chimodzi. Anaisindikiza, anaiika mu envulopu, anati yewo pothokoza, n'kupita kukakwera minibasi ya ku Jenda. Ndinawapempha nambala ya foni, komanso chilolezo cholemba nkhaniyi mosatchula dzina lawo kapena la sukulu.

Lachisanu ndinadutsanso pa shopupo. Mboni anali ataichotsa pa makompyuta onse atatu, ndipo pakhoma panali pepala lolembedwa ndi zilembo zazikulu, lokumbutsa aliyense kusunga ntchito yake pafupipafupi. A Tembo analumbira kuti alamu awo sanawauze kanthu. Anavomera kuti mlongo wawo ndiye anamuimbira foni, koma akuti ankangokambirana za feteleza.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaimbira Anachisale. Anati kalata anaipereka Lachinayi. Ahedi anaiwerenga ataimirira, anasayina nthawi yomweyo, anadinda chidindo, n'kuwafunira mayi awo odwalawo kuchira msanga. Munthu yemwe amasunga pempho la choko milungu iwiri sanasunge kalatayi ngakhale mphindi zisanu.

Ndinati ndiye zayenda bwino. Iwo anaseka pang'ono.

"Zayenda, achimwene. Koma sindikudziwa ngati asayina chifukwa sanamve kanthu, kapena chifukwa amva zonse."

Yankho la ku maofesi a pamwamba limatenga miyezi. Kufikira litabwera, m'mawa uliwonse Anachisale azipereka moni kwa ahedi awo osadziwa kuti ndi kalata iti mwa ziwiri zija yomwe bamboyo anawerenga. Inu mukanakhala iwo, mukanamuyang'ana bwanji?