Tinalambula Udzu Umene Anabwera Kudzauona

Ndikukumbukira chaka chimene mayi anga anatopa mpaka kuleka kuimba pamtondo. Ndinali mu Sitandade 3, kwathu kufupi ndi Nkaya, bambo ali ku Joni. Pomanga njanji yopita ku Nayuchi, a boma anatenga munda wathu n'kukumbamo miyala. Atamaliza anakwirira dzenjelo ndi chikatapila, koma dothi lakuda linapita pansi, pamwamba n'kutsala lofiira la nsangalabwi. Anati adzatibwezera nthaka ikachira. Kuti kuchirako adzakudziwa bwanji, palibe anafunsa. Masiku amenewo munthu wa boma sunkamufunsa mafunso.

Tinkalima kachigawo kobwereka kwa amalume a Saidi. Iwo anali atanena kale kuti dzinja limenelo ndi lomaliza, poti mwana wawo anali atapeza banja ndipo mkamwini ankafunika polima.

Mvula iliyonse mayi ankapita kukazonda munda wathuwo. Poyamba panali mbee ngati pabwalo la sukulu. Kenako kunabwera kapinga, chisoso, tsekera wofika m'chiuno mwanga, ndi timitengo ta tsanya apo ndi apo.

Tsiku lina atcheyamani a chipani anadzatiuza kuti alangizi a zaulimi akubwera Lachisanu kudzaona mundawo. Nthawi imeneyo kukamveka za mlendo wa boma, mudzi wonse unkalambula njira, kusesa, ngakhale kupaka miyala laimu. Mayi anati sangalandirire bwana patchire ngati anthu opanda mwambo. Anaitana anzawo a Asiyatu, tinagwira makasu. Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa. Kapinga ankakana kuzuka, manja anga anachita matuza, fumbi lofiira lili m'mano. Zinyalala tinaunjika n'kutentha, pomaliza tinasesa ndi masache.

Alangiziwo anali mnyamata ndithu. Anafika panjinga atamangirira limu yakale ya njinga pakaliyala. Anaima m'mphepete mwa munda n'kufunsa ngati panadutsa moto wolusa. Mayi anagwada n'kuyankha kuti iyayi, takukonzerani ndife.

Munthu uja anavula chipewa n'kukhala pamwala. Anafotokoza mofatsa kuti ntchito yawo inali kutembenukira kumbali, kuponya limuyo chambuyo osasankha pogwera, n'kuona kuti m'kati mwake udzu waphimba pati, dothi lili poyera pati. Udzu ukachuluka ndiye kuti nthaka yagwirana, mvula singaikokololere kunjanji, munda ubwezedwe.

Anaponyabe. Limu inagubuduka n'kugwa pa dothi lofiira, mizere ya tsache ikuoneka bwinobwino. Anaponya kwina, chimodzimodzi.

"Mayi, nanga ine ndikanene chiyani ku ofesi?"

"Kaneneni zimene mwaona, mwana wanga. Udzu unalipo. Mulungu anauona."

A Asiyatu, atagwira m'chiuno, anati, "Koma pa ukhondo pokha mukatilembe kuti takhoza, achimwene." Alangizi anaseka pang'ono, mayi osaseka. Anawapatsa mlendoyo madzi ndi chinangwa chophika chimene anawasungira, n'kuwaperekeza mpaka panjira.

Alangiziwo anati tidikirenso, ndipo pamundapo pasapite khasu kapena mbuzi. Amalume anatenga chigawo chawo monga ananenera. Sindiwada, nawonso anali ndi ana. Mayi anayamba ganyu m'minda ya thonje cha ku Rivirivi, kuchoka mbandakucha, kubwera miyendo itatupa, atasenza kambale ka madeya. Ine ndinayamba ndasiya sukulu kuti ndizilera mng'ono wanga. Madzulo popemphera mayi sankadandaula. Ankangoti, "Ambuye, meretsaninso." Panapita madzinja awiri limu ija isanagwere pobiriwira, ndipo munda unabwerera kwa ife. Ndi womwewo walera ana anga, ndipo ndimathokoza Mulungu.

Lero ndakula kuposa mmene analili mayi nthawi ija, ndipo ndikumvetsa kuti sanalakwe chifukwa cha umbuli kapena ulesi. Anali ndi ulemu wambiri, ndi mantha amene tonse tinali nawo. Thukuta lonse lija likanapulumuka ndi funso limodzi kwa atcheyamani, loti kodi alendowo akudzaona chiyani. N'chifukwa chake ana anga akandifunsa kuti ntchito imene ndawatuma ndi ya chiyani, ngakhale nditatopa chotani, ndimatula mtolo pansi n'kuwayankha.