Malata a amake mapasa

Nchito yanga yoyamba ya mu ofesi ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinali pa wailesi ya kwathu ku Petauke, kuwelenga mauthenga a malilo ndi a ng'ombe zosowa, pamene bungwe lina la zaumoyo, lomwe likulu lake lili kutsidya kwa nyanja, linalengeza kuti likufuna munthu wofalitsa nkhani zake. Pondifunsa mafunso anati nchito yanga ikhala yolankhulila anthu opanda mau. Ndinavomela ndi mutu, ngakhale kuti kwathu sindinaonepo munthu wopanda mau. Anthu a ku Nyimba, kufupi ndi kwathu, akayamba kulankhula pa msonkhano, amene amasowa mau ndi wapampando.

Kunyumba sanamvetse. Amai anga atamva kuti ndalowa ku zaumoyo, anayamba kunditumizila achibale odwala msana. Ndinatopa kufotokoza kuti ine sindibaya jekeseni, ndimalemba za anthu amene abayidwa kale.

Nchito yake inali yotele: ndipeze munthu amene tamuthandiza, ndilembe nkhani yake, nditumize ku Lusaka. A ku Lusaka atumize kunja. A kunja abweze ndi mafunso, ine ndiyankhe, abwezenso. Panali mau oletsedwa. Sitinkaloledwa kulemba kuti munthu ndi wosauka, chifukwa kutelo ndi kumunyoza. Tinkalemba kuti ndi mnzathu amene tikuyenda naye limodzi. Koma chithunzi cha mnzathuyo chinkafunika chionetse bwinobwino kuti alibe nsapato zoyendela ulendowo.

Chaka china mvula ili pakati ndinapita ku Ndake, mudzi wa cha ku Nyimba, ndipo kumeneko ndinakumana ndi mai wina amene aliyense ankamutcha amake mapasa. Ana ake awiliwo anadwala malungo sabata imodzi. Bambo wina wodzipeleka wa m'mudzimo, mmodzi mwa aja amene bungwe lathu linawaphunzitsa kupima magazi, anabwela pa njinga, nawapima, napeleka mankhwala kwa mmodzi, winayo namuthamangitsila ku kiliniki. Onse anachila. Tsiku limene ndinafika, maiyo anali atatopa, maso atalowa, nyumba yake ya udzu ikudontha pakona. Ndinalemba zonsezo, ndi kudontha komwe.

Abwana anga a ku Lusaka, mai wochokela kunja, anandiimbila foni akusangalala. Anali munthu wa mtima wabwino, ndipo m'chilankhulo chathu ankadziwa liu limodzi lokha, zikomo, limene ankaligwilitsa nchito popeleka moni, potsanzika ndi popepesa. Anati nkhaniyi siyoyenela kungolembedwa, pafunika filimu.

Kuti filimu ivomelezedwe panapita nthawi. Mvula inatha, a kunja akufunsabe mafunso. Chimanga chinauma, chinakololedwa, ku Lusaka akukambilana za mutu wa filimu. Thonje linathyoledwa ndi kugulitsidwa, ife tikudikila kuti mkulu wina abwele ku tchuthi. Chilolezo chinafika dzuwa litafika poumitsa mitsinje. Ndinatumiza uthenga kudzela kwa bambo wodzipeleka uja kuti alendo akubwela kudzajambula amake mapasa, ndipo dziko lonse lidzawaona.

Tinanyamuka ku Petauke anthu anai: abwana, wojambula wa ku Lusaka amene anakalambila pa nchito imeneyi, dalaivala ndi ine. Titafika m'mudzi, nyumba tinaipitilila, chifukwa ine ndinkayang'ana denga la udzu. Anatibweza ndi amai a kwaya amene anatithamangila akuimba.

Thonje la chaka chimenecho linawakomela eni nyumba. Denga linali la malata atsopano, owala moti sungayang'ane osatsinzina, pamwamba pake pali sola. Pabwalo panali posesa mpaka kumseu, mipando yobweleka kusukulu itandandalikidwa pansi pa mtengo wa mango. Amake mapasa anatuluka atavala dilesi ya chitenge yosokedwa ku Nyimba, ya mapewa otukuka, tsitsi loluka mpaka kumsana, nsapato zazitali zikumila mumchenga. Mapasa anali onenepa, atavala timasuti tofanana. Atate ao anali m'jekete, thukuta likutsika, koma osavula.

Wojambula anayang'ana denga, napuma mpweya wautali ngati munthu amene wamva za malilo. Abwana anati zikomo kwa aliyense, kenako anandikokela pambali.

"Ndi mai yemwe uja?" anandifunsa m'Chingelezi.

"Ndi yemweyo."

"Koma munalemba kuti nyumba imadontha."

"Inkadontha nthawi imene ndinkalemba."

Abwana anayang'ananso denga. Anali wosangalala ndithu kuti banjalo lili bwino, ndinaona pankhope. Kungoti kukhala bwino kwakeko kunabwela tsiku lolakwika.

"Muwapemphe mwaulemu," anatelo, "avale zimene amavala masiku onse. Tikufuna aoneke mmene alili."

Ndinapita kwa amake mapasa, ndinagwada pang'ono, ndi kuyamba kuzungulila. Ndinayamikila dilesi, ndinayamikila telala, ndinafunsa za thonje. Pomaliza ndinanena.

Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, si imwe munatuma mau kuti dziko lonse lidzaniona?"

"Ndine, amai."

"Lomba dziko lonse linione nili mu nsanza? Imwe mwavala tayi. Alendo anu avala magalasi. Ine neka ndiye nikavale zakumunda?"

Ndinabwelela kwa abwana ndi kuwauza kuti kuno ndi mwambo kuvalila alendo. Ndinali nditaphunzila kale kuti liu lakuti mwambo ankaliopa kuposa njoka. Anabwelela m'mbuyo, manja m'mwamba, nati sitingakhudze mwambo wa anthu.

Wojambula ndiye anapeza nzelu. Anati malata akuononga kuwala, tisamukile kuseli, pa kakhitchini ka udzu kodetsedwa ndi utsi. Amake mapasa anavomela, koma anakana kukhala pa mphasa. Ananyamulitsa mpando wa kusukulu, nakhalapo miyendo itapingasa kuti nsapato zioneke. Wojambula anasendeza kamela mpaka inatsala nkhope yokha.

Nkhani anaifotokoza bwino kwambili, mopanda kulila. Ananena mmene thupi la mwana linatenthela, mmene bambo wodzipeleka anaolokela kamtsinje atasenza njinga paphewa. Anaonjezela kuti pakamtsinjepo pafunika mlatho, ndiponso kuti matayala a njinga ija anatha. Ndinamasulila zonse. Abwana anagwedeza mutu mwachifundo, nati ndiwapemphe atchule dzina la bungwe lathu ndi kulithokoza.

"Bungwe liti?" anafunsa amake mapasa. "Ine nidziwa bambo aja a njinga. Tipemphela tchalitchi chimodzi."

Ndinawaphunzitsa dzinalo. Linali lalitali, la Chingelezi, ndipo pakamwa pao linkatuluka ngati dzina la mankhwala a thonje. Anabweleza mpaka mapasa anayamba kulila ndi njala ndipo mmodzi anavula kasuti.

Apo m'pamene panatulukila mlamu wao, mlongo wa atate a mapasa. Iye sanamve kuti alendo afika kale. Ankachokela kudimba, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana kumsana, chitenge chong'ambika, matope mpaka m'maondo, wopanda nsapato. Dzuwa linali kumbuyo kwake. Ndinaona wojambula akuimilila pang'onopang'ono ngati mlenje amene waona insa.

Abwana ananditumanso ine. Ndinati, "Amai, alendo akupempha akujambuleni pang'ono mukuyenda."

"Nikasambe poyamba?"

Wojambula, amene Chinyanja ankachimva bwino akafuna, anakuwa kuti ai, asasambe, ali bwino chomwecho. Anamupempha abwelele kumtengo wa msekese ndi kubwelanso. Anabwela. Anamupemphanso. Ulendo wina anati asamwetulile. Ulendo wina anati ayang'ane kumapili ngati akuganiza.

"Niganize chani?" anafunsa maiyo. "Nkhuni izi zilema, bambo."

Tinadya nkhuku imene anatiphela, tinatsanzika, abwana anati zikomo.

Filimu inabwela patapita miyezi. Inali yokongola, sindinganame. Mau anali a amake mapasa, ndipo nkhope yao inaoneka kanthawi kochepa, kumbuyo kuli chipupa chakuda ndi utsi. Kwina konse kunali mlamu wao akuyenda ndi nkhuni, akuyang'ana kumapili, nyimbo yachisoni ikulila pansipansi. Palibe pamene ananena kuti maiyo ndiye mwini mapasa, komanso palibe pamene ananena kuti si iye. Mlatho ndi matayala sizinamveke. Malata sanaoneke ngakhale kangodya.

Bungwe lathu linali ndi lamulo labwino lakuti filimu ikatha, izikaonetsedwa kwa eni ake. Abwana anali ndi msonkhano ku Lusaka, wojambula anali kale ku chigawo china, ndiye eni ake anakaonana ndi ine.

Tinaonetsela m'kalasi pasukulu, titatseka mazenela ndi zitenge. Munadzaza. Amake mapasa anakhala kutsogolo m'dilesi lomwe lija. Nyimbo yachisoni itayamba, anthu anakhala chete. Mlamu atatulukila ndi nkhuni, kalasi yonse inaphulika ndi kuseko. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kansi mapasa anabeleka ni alamu!" Pamene maiyo anayang'ana kumapili, amai ena anagwa pa benchi ndi phwete. Filimu imene inapangidwa kuti ilize anthu a kunja, ku Ndake anaipempha kuti ibwelezedwe kuti aseke bwino.

Anthu anai okha sanaseke. Nditayatsa nyali, amake mapasa anaimilila.

"Bambo, dilesi yanga ili kuti? Malata anga ali kuti? Nalima thonje chaka chonse kuti anthu akaone kakhitchini?"

Ndisanayankhe, mlamu nayenso anaimilila. "Ine nakufunsani kuti nikasambe. Mwakana. Lomba azungu onse akuti mwamuna wanga sanigulila sopo."

Mwamuna wakeyo anali pakhomo, manja atapinda pachifuwa, ndipo anati nkhani ya sopoyo ifunika kukambidwa bwino. Atate a mapasa anadikila onse amalize, kenako ananena motsitsa kuti iwo anapilila jekete tsiku lonse padzuwa, koma m'filimu simunaoneke ngakhale chigongono chao.

Ndinayesa kufotokoza kuti filimuyi cholinga chake ndi chakuti anthu akunja amve chifundo, athandize, mankhwala a malungo apitilile kubwela. Anandimvetsela mwaulemu. Amake mapasa anati za mankhwala akuthokoza, ana ao ali moyo, koma sakuona chifukwa chake munthu sangamvele chifundo mnzake wosamba. Ndinayang'ana kwa dalaivala kuti andithandize. Anali atalowa kale m'motoka, atakweza magalasi.

Chigamulo chinali chakuti filimu ijambulidwenso, tsiku lomwelo, ine ndisanachoke. Kamela ndinalibe, koma anati foni yanga ikwana. Anandikhazika pansi pa mango, nandipatsa munkhoyo woti ndimwe, ndi kundisiyila akuluakulu awili oti azicheza nane, kapena kundilonda. Mlamu anapita kukasamba, ndipo sanafulumile. Anabwela atadzola mafuta mpaka kuwala, atavala yunifomu ya chigwilizano cha amai a kutchalitchi, mwamuna wake akumutsatila atanyamula sopo wamtanda kuti aoneke.

Anaima onse kutsogolo kwa nyumba, ndipo anandiuza poima kuti denga lilowe lonse pamodzi ndi sola. Amake mapasa anafotokozanso nkhani yao, ndi mlatho womwe. Mlamu ananena momveka kuti iye si mwini mapasa, ana ake ndi ena, ndipo anawaitana mmodzimmodzi. Atate a mapasa analankhula za mtengo wa thonje kwa nthawi yaitali, palibe anawadula. Bambo wodzipeleka anakankha njinga yake kubwela nayo kutsogolo, naonetsa matayala, nauza anthu kuti mwana akatentha thupi asadikile mailo, athamange naye tsiku lomwelo. Kwaya inatseka ndi nyimbo. Dzanja langa linachita dzanzi, koma sindinayelekeze kutsitsa foni.

Filimu yachiwiliyo ndinaitumiza ku Lusaka pamodzi ndi lipoti. Abwana anayankha kuti yawasangalatsa kwambili, ikuonetsa kuti anthu atenga nkhaniyi ngati yao, koma siyikugwilizana ndi uthenga wa chaka chino. Yoyamba ija inaonetsedwa pa msonkhano waukulu kunja, ndipo ndinauzidwa kuti anthu anapukuta misozi. Ine ndinayamikilidwa kuti ndili ndi diso lopeza nkhani.

Yachiwili inayenda yokha. Ndinaisiya m'foni ya mphunzitsi wina, iye anapatsa anzake, ndipo pofika nyengo yobzala ndinaipeza ikuonelelwa m'kashopu kotchajila mafoni ku Nyimba, anthu akukangana ngati atate a mapasa ananena zoona za thonje.

Chaka chatha, ndikupita ku Lusaka kumene ndikugwila tsopano, basi inaima pa Nyimba ndipo ndinatsika kukagula nthochi. Wina anandigwila mkono. Anali mlamu uja, dengu la nthochi lili pansi. Anandifunsa za kunyumba, ine ndinafunsa za mapasa, anati ayamba sukulu. Kenako anati foni yake inagwela m'chitsime, filimu inapita nayo, ndimutumizilenso pa ya mwana wake.

"Iti, amai?" ndinafunsa. "Zinali ziwili."

"Ija nasamba," anatelo, akundiikila nthochi m'pepala.