Anatsache ndi Zibowo za Holo

Mdzukulu wanga wachisamba amasesa holo ya m'dera lathu, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Anatsache. Iye sadandaula. Amati tsache limadziwa nyumba kuposa mwini wake.

Holoyo inamangidwa amayi ake asanabadwe: denga la simenti lopindika, pansi posalala, ndipo khoma lonse la kumadzulo ndi la njerwa zazibowo, kuyambira pansi mpaka kudenga. M'mawa mumaphunzira osoka, masana ana amawerengeramo, Loweruka misonkhano. Kwa zaka khumi ndi ziwiri wakhala akupisa dzanja m'chibowo chilichonse kuchotsa fumbi ndi akangaude. Ena amati amacheza nazo zibowozo. Bodza, amangozing'ung'udzira.

Denga litayamba kudontha, anthu anasankha komiti yosamalira holo. Ntchito anagwira, sindikana. Koma wapampando, mphunzitsi wopuma pantchito, anayang'ana khoma lija napukusa mutu.

"Omanga akalewa simenti inawathera," anatero. "Timate zibowozi, holo ioneke yomaliza."

"Aphunzitsi, holoyi imapumira pamenepo," anatero Anatsache.

"Inu mayi, za tsache zina, za mapulani zina. Si tikukupeputsirani ntchito?"

Mwana wa magazi anga sakangana ndi akulu. Anangoti, "Chabwino, bambo." Msonkhano wogamula nkhaniyo unali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo. M'mawa wa tsikulo iye anatolera makatoni kumsika, natseka zibowo zonse, osasiya n'chimodzi chomwe.

"Ndati muyambe mwalawa," anawauza akomiti polowa.

Pemphero lisanathe, mlembi anali akudzikupiza ndi kope. Wapampando anavula jekete, kenako tayi, thukuta lili kamukamu.

"Anatsache, tatsegulaniko pang'ono."

"Simenti satsegula, aphunzitsi. Pitirizani, ndamva kuti nkhani zilipo zisanu ndi ziwiri."

Mayi wophunzitsa osoka anaseka mpaka kugwira nthiti. "Achimwene, ndiye mumafuna tizisokera mu uvuni? Bwanji tingoyamba kuphika buledi?"

Wapampando anaimirira yekha, nakazula katoni yoyamba. Mphepo inalowa n'kuulutsa mapepala a mlembi, koma palibe anawathamangira. Nkhani yomata inafera pomwepo, simenti yonse anaigamulira kudenga. Makatoni otsalawo anachotsa akomiti okha, mdzukulu wanga ataima pakhomo, akuwalozera mwaulemu pomwe aiwala.